Aphunzitsi, “helped me carry” musamathethe

Mwana wa mlongo wanga ali Fomu 3, ndipo pa tchuthi chapitachi anabwera ndi kope lake la Chingerezi kuti ndimuonereko chimangirizo chimene aphunzitsi anali atachonga kale. Pa tsamba lachiwiri panali chiganizo ichi: “My brother helped me carry the bag to the depot.” Pakati pa “me” ndi “carry” aphunzitsi anabayapo kachizindikiro kofiira, pamwamba pake n'kulemba “to”, m'mbali n'kudula malikisi. Mtsikanayo anandifunsa kuti, “Amalume, apa ndalakwitsa chiyani?” Ndinamuuza zoona, kuti sanalakwitse kanthu. Koma nditatsika mizere inayi ndinapeza “The conductor made us to wait for two hours,” ndipo pamenepo cholembera chofiira chija chinangodutsa ngati sichinaone. Pamene panalibe mlandu anathetha, pamene panali mlandu weniweni anasiya.

Sindikulemba izi kuti ndinyoze aphunzitsi ake. Munthu amene waweruka ndi mulu wa makope a kalasi yodzaza mpaka pakhomo, n'kumachonga usiku magetsi atazima, sangaime pa chiganizo chilichonse kuti atsegule dikishonale. Amachonga ndi lamulo limene lili m'mutu, ndipo ambiri a ife tinalandira lamulo lomwelo: aneni awiri akatsatizana m'Chingerezi, wachiwiriyo amafuna “to” patsogolo pake. Lamuloli si loona. Limagwira pa “want to go”, “decide to stay” ndi “hope to pass”, koma likafika pa aneni ena ochepa amene ali pakamwa pathu tsiku ndi tsiku, limatitaya mbali zonse ziwiri, kutithethetsa zolondola ndi kutichongetsa zolakwika. Ine ndikuti kamawu aka tizikaphunzitsa momwe kalili. Pena n'kokakamiza, pena n'koletsedwa, pena munthu amasankha yekha, ndipo pena zimangotengera kumene wolankhulayo anakulira. Mwana wa Fomu 3 zimenezi akhoza kuzimva bwinobwino.

Tiyambe ndi “help”, poti ndiye anadyetsa mwana uja malikisi. “She helped me carry the bag” ndi “She helped me to carry the bag” zonse ndi Chingerezi chovomerezeka, ku London ngakhale ku New York, polankhula ngakhale polemba. Tsegulani dikishonale ya ophunzira ya Oxford, ya Longman kapena ya Cambridge pa mawu akuti “help”. Mupeza “to” wake atamutsekera m'mabulaketi, kutanthauza kuti kuika kapena kusaika zili ndi inu.

Kusiyana kumene kulipo ndi kwa chizolowezi, ndipo akatswiri anachita kuwerenga chimodzichimodzi. M'zaka za m'ma 1960, Nelson Francis ndi Henry Kučera a pa yunivesite ya Brown ku America anasonkhanitsa zidutswa 500 za zolembedwa zimene zinasindikizidwa m'dzikolo mu 1961: nkhani za m'nyuzipepala, nthano, zikalata za boma, zolemba za anthu ophunzira, zonse pamodzi mawu pafupifupi miliyoni imodzi. Kenako anzawo a ku Lancaster, Oslo ndi Bergen anamanga nkhokwe yofanana nayo ya zolembedwa za ku Britain za chaka chomwecho. Patapita zaka 30, gulu la Christian Mair ku yunivesite ya Freiburg ku Germany linabwereza ntchitoyi ndi zolembedwa za 1991 ndi 1992. Atayerekeza nkhokwe zinayizi anapeza kuti mu 1961 olemba a ku America anali atazolowera kale “help” wopanda “to”, pamene a ku Britain ankakonda kumuikapo. Pofika 1991, ku Britain nako wopanda “to” uja anali atapitirira mnzake. Choncho mphunzitsi amene akuumirira “helped me to carry” poganiza kuti akulondera Chingerezi cha ku Mangalande akulondera nyumba imene eni ake ambiri anasamukamo kale.

Khutu nalo lili ndi mbali yake. Yesani kunena mokweza kuti “We want to help to build the school.” Ma “to” awiri oyandikanawo amagundana m'kamwa, ndipo eni chilankhulo amakonda kutaya wachiwiriyo. Katswiri wina wa ku Germany, Günter Rohdenburg, analemba zambiri za kupewa kubwereza kotereku, komanso anaonetsa kuti mawu a pakati akachuluka, “to” amakonda kubwerera kuti womvera asataye njira: “We helped the women who had lost their maize in the floods to rebuild their homes.” Mabuku ena a galamala amati palinso kusiyana kwa tanthauzo, kuti wopanda “to” amasonyeza kuti wothandizayo anagwira nawo ntchitoyo ndi manja ake. Pena zimaoneka ngati zoona, koma ine sindingaphunzitse mwana zimenezo ngati lamulo. Madokotala amanena tsiku ndi tsiku kuti “This tablet will help you sleep,” ndipo piritsi siligona nawe limodzi.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti ife olankhula Chichewa tili pabwino kuimvetsa kuposa momwe timadziganizira. Chingerezi chakale, cha zaka 1,000 zapitazo, sichinkafuna “to” kuti chitchule mneni. Mneniyo ankadziwika ndi mchira wake: kumwa kunali “drincan”, kuimba kunali “singan”. “To” anali mperekezi wamba wolozera kumene chinthu chikulowera, yemweyo wa mu “go to London”, ndipo ankabwera patsogolo pa mneni makamaka pofuna kunena cholinga, monga madzi oti amwedwe, “to drincanne”. M'kupita kwa zaka michira ija inaperepeseka mpaka kutha, ndipo “to” anayamba kulowa m'malo ambiri amene kale sankafikako. Koma sanalande dziko lonse. Pambuyo pa “can”, “will”, “must”, “may” ndi “shall” sanalowe mpaka lero, n'chifukwa chake ngakhale mwana wa Sitandade 5 salemba “I can to swim”. Pambuyo pa “let”, “see” ndi “hear” analephera kukhazikika. Pa “help” ndi “dare” malire sanadulidwe mpaka pano.

Tsopano taonani kwathu. M'kalasi ya Chichewa tinaloweza magulu a mayina, ndipo kumapeto kwa mndandanda kunali gulu la Ku- ndi tsinde la mneni, kenako la Ku-, Pa-, Mu-. Kudya, kulima, kuyenda mbali ino. Kumudzi, kumsika, kudambo mbali inayo. Ku- wa mneni ndi ku- wa malo amamveka chimodzimodzi, ndipo agwirizanitsi awo ndi amodzi: kuyenda kwathu n'kwabwino, kumudzi kwathu n'kwabwino. Chingerezi chili ndi “to” wa “to town” ndi wa “to eat”, ife tili ndi ku- wa kutauni ndi wa kudya. Zilankhulo ziwiri zopanda ubale uliwonse zikugwiritsa ntchito kamawu ka malo potchula mneni. Mphunzitsi amene angayambire pamenepa, pa bolodi Chichewa mbali ino Chingerezi mbali inayo, ana amugwira msanga kuposa amene akuwaloweza mndandanda wa aneni. Ndipo ana omwewo amadziwa kale kuti ku- wathuyu sapezeka paliponse. Timati ndikufuna kudya, timatinso ndikufuna ndidye. Timati ndithandizeni kusenza, timatinso ndithandizeni ndisenze. Palibe agogo amene anadzudzulapo mdzukulu chifukwa chosankha chimodzi mwa ziwirizi.

Nanga “made us to wait” uja? Apa ndiye pamene ndimasiyana ndi anzanga ena amene, akamva kuti chilankhulo chimasintha, amafulumira kunena kuti basi chilichonse n'cholondola. Ayi. M'Chingerezi cholembedwa cha lero, cha ku Britain ndi cha ku America chomwe, “make” wokakamiza satenga “to”. Ndi “made us wait”, “made me laugh”, “makes her cry”. Mwana akalemba “made us to wait” m'kalata yofunsira ntchito kapena m'chimangirizo cha mayeso, woweruza ali ndi ufulu wonse womuthetha, ndipo mphunzitsi amene sanamuchenjeze wamulakwira.

Koma pomuchenjeza tisamuchititse manyazi ngati wanena chauchitsiru, chifukwa cholakwa chimenechi chili ndi nzeru zake. Aneni ambiri oyandikana ndi “make” pa tanthauzo amatenga “to”: “forced us to wait”, “caused us to wait”, “told us to wait”, “got us to wait”. “Make” ndiye wapadera. Choonjezera apo, mukangotembenuza chiganizo kukhala cha msintho wochitidwa, “to” amatulukira pomwepo: “We were made to wait.” Chimodzimodzi “I saw him leave” amasanduka “He was seen to leave.” Mwana amene wamva “we were made to wait” n'kuganiza kuti ndiye kuti “he made us to wait” ndi zolondola, waganiza bwino, Chingerezicho ndiye chakhota. N'chifukwa chake kalankhulidwe aka sikathu tokha. Kamamveka ku Kenya, ku Nigeria, ku Ghana, ku South Africa ndi ku India, kulikonse kumene anthu anaphunzira Chingerezi m'kalasi n'kuyesa kuchiwongola pamene chinapindika. Ku West Africa amachitanso chotembenuza, kuchotsa “to” pamene eni ake amamuika, monga “to enable him go”.

Palinso mboni ina imene Akhristu ambiri anaimva kutchalitchi. Baibulo la Chingerezi la King James, la mu 1611, pa Salimo 23 ndime 2 limati, “He maketh me to lie down in green pastures.” Ameneyo ndi “make” ndi “to” wake, m'buku limene kwa zaka mazana ambiri linkatengedwa ngati chitsanzo cha Chingerezi chokoma. Pa nthawi imeneyo njira zonse ziwiri zinkayenda, monga momwe zikuyendera pa “help” lero, kenako imodzi inafa. Ndiye mwana wa mlongo wanga sanapeke chachilendo. Wangochedwa ndi zaka 400. Ife m'Chichewa vutoli tinalizemba kalekale, chifukwa mneni wokakamiza ndi wokakamizidwa timawaphika mumphika umodzi ndi msintho wochititsa. Buku Lopatulika pa ndime yomweyo limangoti “Andigonetsa”, mawu amodzi. Anatidikiritsa, anandiseketsa, amamuliritsa. Mwina njira yachidule yothandizira ana ndi yomweyi: pamene Chichewa chikuti -itsa kapena -etsa ndipo iwe wasankha “make”, usaikepo kanthu pakati.

Tsono pali zina zimene si nkhani ya kulondola kapena kulakwa, koma ya dera. Munthu wa ku America amati “Go see who is at the door,” “Come eat,” “I'll go get it.” Wa ku England kawirikawiri amati “Go and see,” “Come and eat.” Ana athu amene akukulira pa YouTube, TikTok ndi mafilimu a ku America akumva njira yoyambayo tsiku lililonse, pamene mabuku a kusukulu amatsata yachiwiri. Ndamvapo anthu ophunzira bwino akunena kuti “go see” ndi ulesi wa Amereka amene akuononga chilankhulo cha eni. Mbiri ikukana. Mu sewero la Hamlet la Shakespeare, lolembedwa cha m'ma 1600, nkhalamba Polonius imati, “I will go seek the king.” Kalankhulidweka kanawoloka nyanja ndi anthu osamuka, kanakhazikika kutsidyako, kwawo kwenikweni n'kuzilala. Ndipo kali ndi malamulo ake okhwima, si chisawawa. Munthu wa ku Chicago anena “I will go see her” ndi “Go see her,” koma sanganene “He goes see her” kapena “I went see her.” Mneni woyambayo akangovala mchira uliwonse, njirayi yatsekeka.

Kwa ife “go see” ndi “come eat” siziyenera kukhala zodabwitsa n'komwe. Mayi akamatuma mwana sanena kuti pita ndipo uone. Amati kaone. Kagule mchere, katunge madzi, dzadyeni, dzaoneni kuno. Ka- ndi kupita, dza- ndi mneni uja kudza, ndipo timawamata pa mneni wachiwiri popanda chilichonse pakati. Amereka akungochita ndi mawu awiri chimene ife timachita ndi mawu amodzi.

Angerezi nawo ali ndi chawo chimene chimakwiyitsa Amereka ena okonda malamulo: “try and”. “Try and come early,” “I'll try and finish today.” Ena amati “and” alibe nzeru pamenepa, payenera kukhala “to”. Koma kalankhulidweka kakhalapo kwa zaka mazana, kali ponseponse pakamwa pa anthu a ku Britain, ndipo Henry Fowler, amene buku lake la malangizo a kalembedwe la mu 1926 linkaopedwa ndi akonzi a nyuzipepala, anakateteza ponena kuti si koyenera kukanyoza. M'kalata ya ku ofesi “try to” ndiye wosadzetsa mafunso, pocheza zonse zimayenda.

Mukafika ku Scotland ndi ku Northern Ireland mumva zimene zingagwetse cholembera cha aphunzitsi athu pansi. Kumeneko munthu amati “The car needs washed,” “The baby wants fed.” Apa sanataye “to” yekha, wataya “to be” yense. Ku London anganene kuti “needs washing” kapena “needs to be washed”. Anthu ochokera ku Scotland ndi ku Ulster, kumpoto kwa Ireland, amene anasamukira ku America m'zaka za m'ma 1700 anapita nako kalankhulidweka, ndipo lero kamamveka ku Pittsburgh ndi madera oyandikana nawo a Pennsylvania ndi Ohio, pakamwa pa maloya ndi aphunzitsi omwe, ambiri osadziwa n'komwe kuti kwina amakadabwa. Ku Belfast, likulu la Northern Ireland, kuli ena amene m'malo mochotsa amachita kuonjezera: “I went to the shop for to buy bread.” Nakonso n'kakale. Chaucer, mlakatuli wa ku Mangalande amene anamwalira mu 1400, ankalemba “for to” kawirikawiri, ndipo Baibulo lija la King James pa Mateyu 11 ndime 8 limafunsa kuti, “But what went ye out for to see?”

Ndimatchula Scotland dala. Sukulu zoyamba za mishoni kuno zinabwera ndi anthu a kumeneko, a Livingstonia amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876, ndipo mzinda wathu wa malonda unatenga dzina la kamudzi kamene David Livingstone anabadwira. Robert Laws wa mishoni ya Livingstonia anali wa ku Aberdeen, ku Scotland komweko. Anthu amene anayamba kutiphunzitsa Chingerezi anachokera kudziko limene kalankhulidwe kake anthu a ku London akhala akukaseka kwa zaka zambiri. Ife ndiye tinatuluka m'kalasimo tikukhulupirira kuti kunja kuno kuli Chingerezi chimodzi chokha, choyera, cha Mfumukazi, ndipo china chilichonse ndi chothyoka.

Za “dare” ndi “need” ndingodutsa. “He didn't dare ask” ndi “He didn't dare to ask” zonse zili bwino, koma “How dare you speak to me like that” salola “to” pambuyo pa “you”. “You needn't come” ndi wa ku Britain, ndipo ngakhale kumeneko akumveka wachikulire, wa ku America amati “You don't need to come.” Mu “All I did was ask” mukhoza kuikamo “to” kapena ayi, ngakhale masiku ano ambiri saika. Ku Britain mumvanso “I have never known him lose his temper,” chimene kutsidya kwa nyanja angaikemo “to”.

Ndikudziwa chimene mphunzitsi wodziwa ntchito yake angandiyankhe, chifukwa mnzanga wina amene wakhala m'kalasi zaka zambiri anandiyankha kale. Anati, “Achimwene, mapanga awiri avumbwitsa. Mwana amene akulephera kusiyanitsa ‘he go’ ndi ‘he goes’ mukufuna ndimuuze za Pittsburgh? Mupatseni njira imodzi, akhoze mayeso, zinazo akazionera ku koleji.” Mawu amenewa ali ndi kulemera kwake. Chingerezi kuno si phunziro wamba. Popanda kuchikhoza palibe satifiketi ya MSCE, ngakhale mwana atakhoza masamu ndi sayansi mochititsa kaso. Malamulo a dziko lino amafuna kuti ngakhale phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuchilankhula ndi kuchiwerenga. Pamene chilankhulo chasanduka chipata chotere, mphunzitsi amene akufuna kudutsitsa ana ambiri amafunafuna njira yachidule, ndipo sindingamuweruze.

Koma taonani chimene njira yachiduleyo inachita m'kope la mwana uja. Lamulo limodzi losavutalo ndi lomwe linabala “made us to wait”. Mwana amene wauzidwa kuti mneni wachiwiri nthawi zonse amafuna “to”, ndipo wadulidwa malikisi pa “helped me carry” kuti aphunzirepo, adzaika “to” paliponse pofuna kudziteteza: “let me to go”, “I saw him to enter”, “you had better to leave”. Zonsezi ndi zolakwika m'Chingerezi cha mayeso. Ndiye phanga limodzi lija ndi lomwe likudontha. Sindikupempha kuti ana a Fomu 1 aloweze kalankhulidwe ka ku Belfast. Za Belfast ndi Pittsburgh ndi za mphunzitsi, kuti dzanja lake lizizengereza pang'ono lisanathethe. Chimene mwana akufunika ndi chochepa: aneni ambiri amatenga “to”, kagulu kakang'ono ka “make”, “let”, “see”, “hear”, “watch” ndi “feel” sikatenga, “help” ndi mfulu. Zimenezi zimakwana pa theka la bolodi, ndipo n'zoona.

Palinso china chimene chimaonongeka tikathetha zolondola, chimene sichioneka pa malikisi. Mwana uja “helped me carry” sanaitole m'buku la galamala. Anaimva penapake, m'filimu, pa wailesi kapena m'nkhani imene anawerenga, khutu lake n'kuisunga. Limenelo ndiye khutu limene timafuna kuti mwana aliyense wophunzira chilankhulo akhale nalo. Tikamuthetha pamene khutu lamuuza zoona, tikumuphunzitsa kuti asamalikhulupirire, azidalira lamulo loloweza. Zotsatira zake timaziona m'maofesi: anthu a madigiri amene amalemba kalata ya mizere isanu kwa ola lathunthu, mantha ali thothotho, kuopa kamawu ka zilembo ziwiri. Ena amangosiya kulankhula pamsonkhano, maganizo abwino ali nawo, kuopa kusekedwa. Ndipo timasekanadi. Munthu akalakwitsa Chingerezi pa Facebook, ndemanga zimachuluka za galamala yake kuposa za mfundo yake, ndipo kawirikawiri wokonza mnzakeyo ndi amene akukonza chosalakwika.

Mtima wofuna njira imodzi yokhawu sitinauonetse pa Chingerezi chokha. Chichewa chitasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, ndipo bungwe la Chichewa Board litakhazikitsidwa mu 1972, tinazolowera kuti pali wina pamwamba wonena kuti mawu olondola ndi awa, enawo ndi olakwika, ndipo kalankhulidwe ka chigawo chapakati ndiko kanakhala muyeso. Muyeso wolembera ndi wofunika, sindikukana; popanda iwo mabuku a sukulu sangalembeke. Koma pakamwa pa anthu zinthu sizinasiye kusiyana. Wina amati ndikufuna madzi, wina ndifuna madzi, wa ku Lusaka nifuna manzi, ndipo m'mabuku akale mupeza ndili kufuna, momwe ndikufuna wathuyu anachokera li- atagwa. Taonani, ku- yemwe uja, pena alipo, pena palibe, malinga ndi dera ndi m'badwo. Munthu wa ku Chipata sitimuuza kuti sadziwa chilankhulo chake. Timangodziwa kuti ndi wa ku Chipata. Ulemu womwewo ukuyenera munthu wa ku Glasgow ku Scotland ndi galimoto yake imene “needs washed”, ndiponso mwana wa ku Ndirande amene watola “go get it” pa foni ya mkulu wake.

Ena adzati ndiye bwanji osangovomereza “made us to wait” ngati Chingerezi cha Chimalawi, poti Amereka anavomereza zawo? Funsoli si lopusa. Kalankhulidwe ka dera kamasanduka muyeso pamene olemba mabuku, akonzi a nyuzipepala, oweruza milandu ndi ochonga mayeso a dzikolo ayamba kukalemba osachita manyazi, ndipo mwina tsiku lina zidzatero ndi “made us to” mu Africa muno, poti olankhula choncho ndi mamiliyoni. Koma tsikulo silinafike, ndipo si chilungamo kutuma mwana wa zaka 16 kuti akamenye nkhondo imeneyo ndi satifiketi yake. Akuluakulu amene ali kale ndi ntchito ndi mayina ndi amene angayambe, ngati akufuna. Mwanayo timuuze kuti pocheza ndi anzake palibe amene adzasochere akamva “made us to wait”, koma pa pepala achotse “to”.

Ndi zomwe ndinamuuza mwana wa mlongo wanga madzulo amenewo. Tinatsegula dikishonale pa foni, anaona yekha “to” ali m'mabulaketi pa “help”, kenako tinapita pa “make” n'kupeza kuti palibe. Anatenga pensulo n'kufufuta “to” wa kondakitala uja, amene aphunzitsi anamusiya. Nditamuuza kuti sukulu ikatsegulidwa akawaonetse aphunzitsiwo za “help”, anandiyang'ana ngati ndamutuma kukagwira ng'ona kumchira.

“Amalume, ine ndikawauze aphunzitsi kuti analakwitsa? Mukufuna ndizikakhala pansi teremu yonse?”

Ndiye pa mayeso udzalemba chiyani, ndinamufunsa. Anati adzalemba “helped me to carry”, poti nayonso ndi yolondola ndipo palibe amene angaithethe. Sindinamutsutse. Koma tsamba lija la dikishonale analijambula pa foni ya mayi ake, n'kulitumiza ku gulu la WhatsApp la anzake a m'kalasi.